Kuka ndi Chikoti: Maleredwe a Ana ku Lundazi

M'midzi ya Mfumu Mwase, kumene Achewa akhala mibadwo yambiri moyandikana ndi Atumbuka a Mphamba ndi Angoni a Magodi, mwana wongoleka kuyamwa sankaleredwa ndi amake okha, pakuti mng'ono wake akabadwa iye ankasamukira ku kuka kwa agogo ake, ndipo kumeneko ndiko ankayambira kuphunzira mwambo. Ana awiri akalimbirana chikho kumasanje, gogo wanzeru sankafulumira kuthyola kamtengo. Ankawakhazika pansi, namva mawu a wamkulu, namvanso a wamng'ono, monga ichitira nyakwawa pabwalo, ndipo mlandu unkatha onsewo akapisa dzanja m'mbale imodzi. Madzulo nthano ya fisi wadyera inkatsiriza ntchitoyo, wolakwa nadzimva yekha ngakhale dzina lake silinatchulidwe. Tisanamizane, kukwapula kunalipo, kuopseza ndi zilombo kunaliponso; koma wokwapulayo anali mbale, amene mawa lake adzakumana ndi make mwanayo pamtondo.

Amishoni a ku Livingstonia atakhazikika ku Chasefu, Akatolika ku Lumezi, sukulu zinafalikira m'midzi, ndipo zinabweretsa chinthu chachilendo: munthu mmodzi woyang'anira khamu la ana amene sanali a mtundu wake. Pamene ubale unaperewera, chikoti chinalowapo, ndipo ochigwira ankadziteteza ndi buku la Miyambo la m'Baibulo, makolo nawo navomereza, ati kuongola mtengo mpoyamba.

Chikoticho chinalamulira nthawi yaitali, ufulu wa 1964 osachigwedeza. M'chaka cha 1999, pa mlandu wa John Banda, Khoti Lalikulu linagamula kuti chilango chokwapula choperekedwa ndi makhoti chikutsutsana ndi malamulo aakulu a Zambia. Lamulo la maphunziro la 2011 linaletsa chikoti m'sukulu, ndipo lamulo la ana la 2022 linafikitsa chiletsocho ngakhale m'nyumba. Pakati pa zaka zimenezi boma linayamba kutsegula makalasi a ana aang'ono pa sukulu za pulayimale.

Mphunzitsi wa kalasi yotere ali ndi khamu lija, alibe chikoti, alibenso ubale wa gogo, kotero kuti ana akamenyana chomutsalira ndi kugwada, kumva mbali zonse, ndi kuwagwiranitsa chanza. Komabe makolo ena pomsiyira mwana amanenabe mwaulemu wonse kuti, "Aphunzitsi, mwanayu ngwanu, akalakwa kwapulani," ndipo iye ayenera kukana popanda kuwachititsa manyazi.