Nyali za Usodzi ndi Usipa wa pa Msika wa Lizulu

Ngakhale msika wa Lizulu, umene uli m'mbali mwa msewu wa M1 pamalire a Malawi ndi Mozambique, umatchuka ndi mbatatesi, kabichi ndi tomato, milu ya usipa wouma imene imayalidwa pamenepo ili ndi mbiri yakeyake, chifukwa Angoni a kwa Maseko amene adakhazikika m'mapiri amenewa, monganso anthu ena ochokera kummwera kwa Africa, ankanyadira ng'ombe ndipo nsomba sankaiwerengera ngati ndiwo. Chizolowezi chodya nsomba chidamera pang'onopang'ono kudzera m'maukwati ndi Achewa komanso m'malonda a anthu okwera ndi madengu kuchokera kunyanja, podzera njira za ku Golomoti.

Usodzi umene umadyetsa misika yakumtundayi udakhazikika pa chibadwa cha diso la nsomba. Asodzi akale ankayatsa miuni pabwato kuti usipa usonkhane, pambuyo pake kudabwera nyali za parafini zopopa, ndipo masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito nyali za mabatire. Usodziwu umatchedwa kauni: siginala, yemwe ndi mlondoli wa nyali, amakokera nsomba pamalo amodzi, anzake n'kuzizinga ndi khoka la chilimira. Mwezi ukawala kwambiri nyali imachepa mphamvu, usipa umasowa, ndipo mtengo wake umakwera ngakhale kumtunda kumene ogula ambiri sadaionepo nyanja.

Asodzi adadziwa zimenezi kalekale akatswiri asanazifotokoze. M'chaka cha 1866 Max Schultze wa ku Germany, atapima maso a nyama zosiyanasiyana pa maikulosikopu, adanena kuti kachikopa kakuseri kwa diso, kotchedwa retina, kali ndi maselo a mitundu iwiri: ooneka ngati timitengo, amene amagwira ntchito mumdima, ndi osongoka kumapeto, amene amagwira masana ndi kusiyanitsa mitundu. Mwa nsomba zambiri maselo amenewa amasuntha, kotero kuti kukada a timitengo amabwera kutsogolo kudzalandira kuwala kochepa, pamene kukacha amabwerera n'kuphimbidwa ndi utoto wakuda. Disolo lilibe zikope, ndipo galasi lake la mkati ndi lobulungira ndiponso lolimba, moti silipindika ngati la munthu koma limakokedwa ndi kamnofu pofuna kuona chinthu bwino. Galasi limeneli ndi kambewu koyera kaja kamene kamatsala m'mbale munthu akapsipsa mutu wa chambo. Patangopita zaka ziwiri Schultze atanena zimenezi, mu 1868, Albert Günther wa ku London adalemba usipa m'mabuku a sayansi, ndipo lero dzina lake ndi Engraulicypris sardella.

Kafukufuku wozama wa maso a nsomba za m'nyanja ya Malawi adachedwa, ndipo atafika adakondera mbuna ndi nsomba zina za banja la chambo, zimene mitundu yake ndi mazana ambiri. Mu 2001 Karen Carleton ndi Thomas Kocher a ku America adaonetsa kuti nsomba za banjali zimatengera kumtundu zipangizo zofanana zoonera mitundu, koma mtundu uliwonse umagwiritsa ntchito zina n'kusiya zina, ndipo zidadziwikanso kuti mbuna zina zimaona kuwala kumene diso la munthu silingakuone. Usipa, umene suli wa banja limeneli koma ndiwo umapezeka kwambiri m'mapoto a ku Lizulu, sudatchuke chotere pakati pa akatswiri, ndipo zambiri zokhudza mmene umalondolera nyali zikadali m'mitu ya asiginala.