Zithunzi za Akatswiri Akale pa Zovala za kwa Msakambewa

Kuvala chithunzi si chinthu chachilendo kwa Msakambewa m'boma la Dowa, pakuti kale amayi a mbumba ankavina atavala zitenje zokhala ndi nkhope ya Dr. Hastings Kamuzu Banda. Chimene chasintha n'chakuti kaunjika, zovala zovalidwa kale kunja zomwe zimagulitsidwa pamulu m'misika ngati ya Mponela, wabweretsa malaya odindidwa zithunzi za akatswiri akale a ku Ulaya, ngakhale kuti wogula amayang'ana kulimba kwa nsalu ndi mtengo, osati mwini chithunzicho.

Chodziwika koposa ndi Mona Lisa, mayi womwetulira chapansipansi atasanjika manja, yemwe Leonardo da Vinci wa ku Italy anayamba kumujambula pathabwa cha m'ma 1503. Iye anagwiritsa ntchito luso lotchedwa sfumato, lomwe ndi kupaka utoto wopyapyala mobwerezabwereza mpaka malire a kuwala ndi mthunzi osaonekanso, ndipo n'chifukwa chake m'mphepete mwa milomo ya mayiyo simuoneka mzere. Kutchuka kwake padziko lonse kunakula ndi umbava: chithunzichi chinabedwa mu 1911 ku Louvre, nyumba yosungiramo zaluso mumzinda wa Paris, ndipo manyuzipepala anachisindikiza kosalekeza mpaka chinapezeka mu 1913. Mgonero Womaliza, womwe Leonardo anamaliza kujambula mu 1498 pakhoma la chipinda chodyera mumzinda wa Milan, unayamba kusupuka iye akadali moyo chifukwa anapaka utoto pakhoma louma, moti umene umadindidwa pansalu lero nthawi zambiri umawala kuposa weniweniwo.

Mu 1965, katswiri wa zovala Yves Saint Laurent anasoka madiresi otengera zithunzi za wojambula Piet Mondrian, koma chimene chachulukitsa zovala zotere n'chakuti ufulu wa umwini pa zithunzi za zaka mazanamazana unatha, choncho mafakitale sakhala ndi mwini woti amulipire.

Komatu Malawi ali nazo zojambula zake. Ku Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa zokhudza chinamwali ndi Nyau, zomwe UNESCO inazilemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006, koma pazovala sizioneka kawirikawiri. Odinda nsalu ayenera kukambirana ndi mafumu, eni mwambo, kuti zimene si zachinsinsi zifike pachitenje.