Linga la Kilwa ndi Mphepo za Panyanja

Kilwa Kisiwani, chilumba cha kugombe la Tanzania, lero ndi mudzi wa asodzi, koma kale golide wa ku Sofala ankadzera padoko lake lakuya. Mphepo zosintha ndi nyengo zinkabweretsa zombo za ku Arabia ndi India, n'kuzibwezanso kwawo. Ibn Battuta anafikako mu 1331, nagoma ndi kukongola kwa mzindawo.

Apwitikizi anaulanda mu 1505 n'kumangapo linga, koma mu 1512 analisiya. Aluya a ku Oman analimanganso cha m'ma 1800, pamene Ayao ankafikitsako minyanga ya njovu ndi akapolo kuchokera kunyanja yathu. Chisilamu chinadzera njira yomweyo pofika kuno. Lingalo, lotchedwa Gereza, likadalipo, ngakhale mafunde akhala akukumba maziko ake.