Tiki ya agogo ndi njanji ya ku Beira

Agogo anga aamuna atamwalira, tidapeza kandalama ka tiki m'kachitini ka fodya pansi pa sutikesi yawo. Ana a masiku ano sayidziwa tiki. Kadali kandalama kakang'ono koyera, kokwanira mapeni atatu, ka nthawi ija ya mapaundi ndi mashileni kwacha isanabwere mu 1971. Abale adangoseka, ati nkhalamba zimasunga zilizonse. Ine sindidaseke, poti ndinkadziwa kuti mu 1964 agogowo adali kalaliki wa boma ku Zomba, ndipo nkhani ya tiki adandifotokozera kangapo konse tili pakhonde.

Ambiri tidaphunzira kuti mkangano wa Dr Kamuzu Banda ndi nduna zake udali wolimbirana mpando. Izo nzoona, koma si zokhazo. Pansi pake padali nkhani ziwiri zomwe mpaka lero zikali kutizunguza mutu: boma lilipira bwanji antchito ake, ndipo likhala bwanji ndi mayiko otizungulira.

Tiyambe ndi malipiro. Ufulu usanafike pa 6 July 1964, boma lidapempha mzungu wina, T.M. Skinner, kuti aunike malipiro a ogwira ntchito m'boma. Lipoti lake Dr Banda adalivomera. Makalaliki, aphunzitsi ndi a zachipatala, anthu omwe adasonkhera Congress ndipo ena adalowa nayo ndende mu 1959, ankayembekeza kuti ufulu uwonekera m'thumba. M'malo mwake adaona kuti Mmalawi azilandirabe zochepa kuposa mzungu pa ntchito imodzimodzi, ndipo mipando ikuluikulu ikhalabe m'manja mwa azungu kufikira Dr Banda atakhutira kuti anthu ake apsa. Pamwamba pa izo padabwera lamulo loti wodwala aliyense azilipira tiki kuchipatala cha boma.

"Mdzukulu wanga," ankatero agogo, "ife tidavina usiku wonse mbendera ya Mngelezi ikutsika. M'mawa mwake bwana adali yemwe uja, malipiro omwe aja, kuchipatala ati tiki. Nanga tidavinira chiyani?"

Koma naye Dr Banda adali ndi masamu ake, ndipo tisawanyoze. Msonkho wa dziko lino sunkakwanira kuyendetsa boma. Britain ndiye ankatseka dzenjelo chaka ndi chaka. Dziko lopanda doko, katundu wake ankadzera njanji imodzi yokha, yowoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana kupita ku Beira, m'dziko lomwe Apwitikizi ankalamula ndi mfuti. Amuna zikwizikwi adali ku migodi ya Joni ndi ku mafamu a Rhodesia, ndipo ndalama zomwe ankatumiza zinkadyetsa midzi. Pa msonkhano wa OAU ku Cairo mu July 1964, iye adauza atsogoleri anzake poyera kuti malo omwe dziko lake lili sakumulola kudula ubale ndi Apwitikizi.

Nduna zachinyamata zidaona mosiyana. Kanyama Chiume, nduna ya zakunja, ndi anzake ankafuna kuti Malawi ayang'ane kumpoto, ku Dar es Salaam kwa Julius Nyerere, komwe a Frelimo adali kukonzekera nkhondo yomasula Mozambique. Ankafunanso ubale ndi China ya ku Peking, yomwe idalonjeza thandizo. Dr Banda mwini adauza Nyumba ya Malamulo kuti lonjezolo lidafika mapaundi 18 miliyoni, ndipo adalitenga ngati chiphuphu. Apa mpomwe nkhani ziwiri zija zidakumana. Kwa kalaliki wa ku Zomba funso lidali lapafupi: ngati ndalama zilipo ku China, bwanji mukuzikana uku mukutiuza kuti m'thumba la boma mulibe kanthu?

Pa 26 August 1964 nduna zidamuyang'ana m'maso mtsogoleri wawo pa msonkhano, ndipo kenaka zidalemba madandaulo awo ku Ku Chawe, pamwamba pa phiri la Zomba. Lipoti la Skinner, tiki ndi ubale ndi Apwitikizi zonse zidali pa mndandanda. Poyamba zidaoneka ngati Dr Banda agonja. Koma pa 7 September adachotsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani adatula pansi udindo, ndipo Henry Masauko Chipembere, yemwe adali ku Canada, atangofika adatsata anzake. Aphungu adakumana pa 8 ndi 9 September nkuvomereza kuti ali pambuyo pa Dr Banda.

Ogwira ntchito m'boma ku Zomba adaima ndi nduna zija. Kumapeto kwa September, anyamata a chipani adabwera nawo pa malole kuchokera madera ena, ati kudzaphunzitsa mwambo anthu ophunzira odzimva. Makalaliki adasiya zolembera nkutola zibonga. Maofesi adatsekedwa, ofesi ya chipani idatenthedwa, ndipo kwa masiku angapo nduna zotsalira kumbali ya Dr Banda zidauona mzinda wa Zomba kuwawa. Agogo ankati ndi sabata imodzi yokhayo pa moyo wawo wonse yomwe mesenjala ndi kalaliki wamkulu ankayenda limodzi ngati pachibale.

Boma silidakhale nawo pansi kukambirana za malipiro ai. Yankho lidali lakuti wodandaula aliyense ndi mnzake wa oukira. Ena adachotsedwa ntchito, ena adatsekeredwa popanda mlandu, ena adathawira ku Zambia ndi ku Tanzania. Agogo adapulumuka chifukwa chotseka pakamwa, ndipo adatsekadi zaka pafupifupi 30. Mabungwe a antchito adalowetsedwa pansi pa phiko la chipani. Chipembere adayesa nkhondo mu February 1965 kuchokera ku Fort Johnston, koma adakathera pa doko la Liwonde. Adamwalira ku America mu 1975. Chisiza adaphedwa mu 1967 atalowa ndi mfuti chakumadera a Mwanza ndi Neno. Orton Chirwa adafera m'ndende ya Zomba mu October 1992.

Makalaliki atakhala chete, njira ya kumwera idatseguka. Mu 1966 Malawi adasankha Taiwan, ubale womwe udatha pomwe boma la Bingu wa Mutharika lidalengeza mu January 2008 kuti lapita ku Beijing. Mu 1967 tidatsegula ukazembe ndi South Africa ya tsankho. Njanji ya ku Nacala idatsegulidwa mu 1970, ndipo ngongole ya ku Pretoria idathandiza kumanga Lilongwe, komwe likulu lidasamukira mu 1975. Ubale wathu ndi Zambia komanso Tanzania udazizira kwa zaka zambiri, poti kumeneko nkomwe kudali othawa athu.

Kodi masamu a Dr Banda adakhoza? Kwa kanthawi, inde. Koma Apwitikizi adachoka mu 1975, nkhondo ya Renamo idatseka njanji za Beira ndi Nacala pofika 1984, ndipo katundu adayamba kuzungulira mtunda wautali pa malole. Mitengo ya zinthu idakwera, malipiro ali pomwepo. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko: mu May 1992, patangopita miyezi iwiri chitulukire kalata ya maepiskopi a Katolika, antchito a fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre adanyanyala ntchito, moto nkufalikira mumzinda monse, anthu pafupifupi 40 nkufa. Mwezi womwewo mayiko otithandiza adakumana ku Paris nkuimitsa thandizo, kupatula la anthu ovutika. Mu 1993 nawo ogwira ntchito m'boma adachita sitiraka, chinthu chomwe agogo ankati sadzachionanso ndi maso awo.

Matipate atabwera, nyimbo idasintha koma mavinidwe ndi omwe aja. Boma la Bakili Muluzi lidakhazikitsa komiti ya Justice Chatsika kuti iunike malipiro. Lipoti lidatuluka, boma lidati ndalama palibe, ndipo mu 1997 antchito adanyanyalanso pofuna kuti zolembedwazo zichitike. Mu April 2011 boma lidathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, thandizo nkuuma, mafuta nkusowa. Mayi Joyce Banda, pofuna kubweza abwenziwo, adagwetsa kwacha mu May 2012 kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi. Mu February 2013 ogwira ntchito m'boma adafuna 65 peresenti, masukulu adatsekedwa, ngakhale bwalo la ndege la Kamuzu lidaima. Ndege zitaleka kutera, mpomwe boma lidapeza ndalama msangamsanga nkukweza olandira zochepa ndi 61 peresenti.

Tsiku limenelo ndidali nawo agogo, tikumvera wailesi. Adapukusa mutu nkunena kuti, "Waona? Odwala akhala akubuula sabata ziwiri, palibe adamva. Alendo atakanika kutera, basi makutu atseguka."

Ndikaonetsetsa mbiri imeneyi, ndimapeza kuti malipiro a mphunzitsi wa ku Nthalire kapena namwino wa ku Nsanje sakonzedwa ku Capital Hill kokha. Amakonzedwanso ku Beira, ku Nacala, ku London ndi ku Washington. Ichi nchoona chomwe boma lililonse lili ndi ufulu wouza antchito ake. Cholakwika, kuyambira 1964, nchakuti m'malo moyala mabuku patebulo ndi kunena kuti taonani, zilipo ndi izi, atsogoleri athu amathamangira kufunsa kuti wakutumani ndani. Kale ankati atumidwa ndi Chipembere kapena Peking. Kenaka ati atumidwa ndi otsutsa boma. Komatu njala situmidwa ndi munthu.

Tiki ija ili ndi ine. Agogo ankati adaisunga tsiku lomwe adapita ndi mwana wawo woyamba kuchipatala, nkubwerera panjira ataona kuti akailipira, madzulo ake m'nyumba simuyaka nyali. Mwanayo adachira ndi mankhwala a zitsamba. Ndiwo amayi anga, omwe adadzakhala mphunzitsi wa pulayimale, ndipo adapuma ntchito akudikirabe ndalama zawo zotsalira.