Mpingo Umene Unasankha Mkaidi Kukhala Mbusa Wake

Pamene tikukondwerera zaka 50 za mpingo wathu, tiyeni tionenso mbiri ya mpingo wina, wa m'tauni ya Bedford ku England. Ambiri a ife tinamvapo za John Bunyan chifukwa cha buku lake lotchuka, The Pilgrim's Progress, lija la ulendo wa Mkhristu wopita ku mzinda wa kumwamba. Koma ndi ochepa amene amafunsa za mpingo umene unalera munthuyu.

Mpingowu unayamba mu 1650 ndi anthu 12 okha. Mbusa wawo woyamba anali John Gifford, amene kale anali mkulu wa asilikali a mfumu pa nkhondo ya pachiweniweni, ndiponso munthu wa mowa ndi njuga asanatembenuke mtima. Bunyan, wobadwa mu 1628 m'mudzi wa Elstow, ntchito yake inali yokhoma ndi kumata mapoto. Tsiku lina akuyenda ndi ntchito yake mu Bedford, anapeza amayi atatu kapena anayi osauka atakhala pakhomo akuothera dzuwa, akukambirana za kubadwa mwatsopano. Iye ankadziyesa wodziwa za Mulungu, koma pomva amayiwo anazindikira kuti ali kunja. Amayi a mu mpingo umenewu ndiwo anamufikitsa kwa Gifford. Mabuku a mbiri amatchula kwambiri abusa, koma apa khomo linatsegulidwa ndi amayi.

Kuyambira mu 1653 mpingo unkapemphera m'tchalitchi cha St John's. Zinthu zinatembenuka mu 1660, Charles II atakhala pa mpando wa ufumu. Mabishopu a Church of England anabwezeredwa mphamvu, ndipo mpingo wa ku Bedford unachotsedwa m'tchalitchimo. Chaka chomwecho mbusa wawo wachiwiri, John Burton, anamwalira. Mu Novembala, Bunyan anagwidwa pa msonkhano wa mapemphero pa famu ina ku Lower Samsell. Chaka chimodzi chokha: nyumba yapita, mbusa wapita, mlaliki ali m'ndende.

Mlandu wa Bunyan unali wakuti sankapita ku tchalitchi cha boma ndiponso ankachititsa misonkhano yosaloledwa. Mu Januwale 1661 anamulamula kukhala m'ndende miyezi itatu. Khomo linali lotseguka ndithu, bola alonjeze kuti sadzalalikiranso. Iye anakana, ndipo miyezi itatu inasanduka zaka 12. Tisathamangire kuombera m'manja tisanaone amene analipira mtengo wake. Kunyumba kunali ana anayi a mkazi wake woyamba amene anamwalira, ndipo wamkulu, Mary, anali wosaona. Mkazi wake wachiwiri, Elizabeth, anali woyembekezera pamene mwamuna wake anagwidwa, ndipo mwanayo sanakhale ndi moyo. Mayi yemweyo mu Ogasiti 1661 anakaima pamaso pa oweruza, mmodzi wa iwo Sir Matthew Hale, kupempha kuti mwamuna wake amasulidwe. Anabwerera chimanjamanja. Bunyan m'ndendemo ankapanga zingwe zomangira nsapato ndi zovala kuti ana apeze chakudya, ndipo analembanso mabuku, lina la iwo Grace Abounding to the Chief of Sinners la mu 1666, lofotokoza kutembenuka mtima kwake.

Kunja malamulo ankangokhwima. Mu 1662 abusa pafupifupi 2,000 anachotsedwa m'mipingo yawo chifukwa chokana kuvomereza zonse za m'buku la mapemphero la boma, Book of Common Prayer. Lamulo la mu 1664 linaletsa anthu asanu kapena kuposerapo, kupatula a m'banjamo, kusonkhana kupemphera kunja kwa Church of England. La mu 1670 linabwera ndi chindapusa, ndipo wolephera kulipira ankalandidwa katundu wa m'nyumba ndi wa m'sitolo. Akhristu a ku Bedford ankakumana mobisa m'nyumba za anzawo. Buku lawo la zokambirana za mpingo, limene lilipo mpaka lero, lili ndi zaka zinayi zimene simunalembedwe kanthu, kuyambira mu 1664 mpaka mu 1668. Pamene anayambanso kulemba, nkhani yaikulu inali ya abale amene anabwerera m'mbuyo chifukwa cha mantha. Mpingo unkatuma abale kukawachezera ndi kuwadandaulira kangapo usanachotse munthu. Sunali mpingo wa ngwazi zokhazokha ayi.

Mu Januwale 1672 mpingo unasonkhana ndi kusankha Bunyan kukhala mbusa wawo, iye akadali mkaidi. Analibe maphunziro a ku Oxford kapena Cambridge, analibe dzanja la bishopu pamutu pake, ndipo analibe ngakhale ufulu wake. Chimene anali nacho ndi chakuti anthu ake anali atamuona kwa zaka pafupifupi 20. Mu Malichi mfumu inafewetsa malamulo, Bunyan anatuluka nalandira chilolezo cholalikira, ndipo mpingo unagula munda wa zipatso pa Mill Lane, mmene munali nyumba yosungiramo zokolola. Nyumba imeneyo ndiyo inakhala tchalitchi chawo.

Pa nkhani ya ubatizo Bunyan anakangana ndi Abaptisti a ku London monga William Kiffin. Mu 1673 analemba kuti kusiyana maganizo pa ubatizo wa m'madzi kusatsekereze wokhulupirira ku Mgonero wa Ambuye. Tingagwirizane naye kapena ayi, koma tikumbukire kuti anali atakhala m'ndende imodzi ndi Akhristu amene sankagwirizana naye pa zonse.

Anamangidwanso kwa miyezi ingapo cha m'ma 1677, ndipo The Pilgrim's Progress inasindikizidwa mu 1678. Anamwalira ku London pa 31 Ogasiti 1688, atadwala chifukwa chovumbwa ndi mvula pochokera ku Reading kumene anakayanjanitsa bambo ndi mwana wake. Lamulo lopatsa mipingo ngati wake ufulu wopembedza linabwera mu 1689, iye atagona kale ku manda a Bunhill Fields.

Mpingo wa ku Bedford unakwanitsa zaka 50 mu 1700, ukupemphererabe m'nyumba ija ya zokolola. Tchalitchi chenicheni anamanga mu 1707, ndipo mpingowu ukusonkhanabe pamalo omwewo mpaka lero, pa dzina la Bunyan Meeting.