Ulimi wa anyezi wa nyengo yozizira ku Angónia ndi Tsangano

Anyezi, amene pa Chipwitikizi amatchedwa cebola, ndi imodzi mwa mbewu zomwe zimabweretsa ndalama kwa alimi a kumapiri a chigawo cha Tete, makamaka m'maboma a Angónia ndi Tsangano. Ambiri amamulima m'madimba mvula ikatha, ndipo amakula m'munda nyengo yonse yozizira mpaka kukololedwa kukayamba kutentha. Pa ulimi umenewu, chinthu chimene chimagamula phindu kapena kuluza ndi nthawi yofesera.

Chifukwa chake nthawi ndi yofunika

Anyezi amayamba ndi kukulitsa masamba, kenako n'kupanga mutu. Chimene chimamuchititsa kuyamba kupanga mutu ndi kutalika kwa usana pamodzi ndi kutentha. Kudera lino usana umakhala pafupifupi maola 11 mu Juni, ndipo umatalika mpaka kuyandikira maola 13 mu Disembala. N'chifukwa chake mitundu imene imachita bwino kuno ndi yofuna usana waufupi, monga Red Creole ndi Texas Grano. Mitundu yambiri ya kumpoto kwa Ulaya imafuna usana wa maola 14 kapena kuposa, ndipo ikabzalidwa kuno imangochita masamba.

Tsamba lililonse la anyezi limapanga chikhungwa chimodzi cha mutu. Anyezi amene wafika nyengo yotentha ali ndi masamba ambiri amabereka mutu waukulu. Amene wafesedwa mochedwa, monga mu Juni kapena Julayi, amapezedwa ndi kutentha akadali wamng'ono, ndiye amabereka timitu tating'ono, kapena amakhwima mvula itayamba kale n'kuwola.

Kufulumira kwambiri nakonso kuli ndi vuto lake. Anyezi amene wakula kale kwambiri pamene kuzizira kwa Juni ndi Julayi kukufika amatulutsa phesi la maluwa. Anyezi wotere amakhala ndi phesi lolimba pakati, sasungika, ndipo ogula amamukana. Mbande zazing'ono sizichita zimenezi kawirikawiri. Nthawi yabwino yofesa panazale ndi Malichi mpaka Epulo.

Nazale

Mbewu ya anyezi sichedwa kufa mphamvu. Yomwe yakhala kupitirira chaka imamera mwa apo ndi apo, choncho mlimi ayang'ane tsiku lolembedwa pa paketi asanagule. Makilogalamu 3 mpaka 4 a mbewu amakwanira mbande za hekitala imodzi.

Bedi likhale la mita imodzi m'lifupi, lokwezeka, la dothi lofewa losakaniza ndi manyowa owolerana. Mbewu ifesedwe m'timizere totalikirana masentimita 10 mpaka 15, kuya kwa sentimita imodzi, n'kuphimba ndi udzu wouma. Udzuwo uchotsedwe mbewu ikangoyamba kumera. Mbande zimakhala zokonzeka pakatha masabata 6 mpaka 8, zikamayandikira kunenepa ngati pensulo.

Kuwokera ndi kusamalira

Malo amene munali anyezi kapena adyo apume kwa zaka zitatu asanabzalidwenso anyezi, chifukwa matenda ena amatsala m'nthaka. Mbande ziwokeredwe madzulo, motalikirana masentimita 10 mumzere, ndipo mizere italikirane masentimita 20 mpaka 30. Zisakwiriridwe mozama, chifukwa mutu umakula bwino ukakhala pafupi ndi pamwamba.

Mizu ya anyezi siyenda patali. Motero amafuna madzi pafupipafupi koma osadikha, ndipo amagonja msanga ndi udzu. Pafupi ndi mbewu, kuzula ndi manja n'kwabwino kuposa khasu. Feteleza wokulitsa, monga ureya, athiridwe masamba akamakula. Akathiridwa mitu itayamba kale, anyezi amakhala ndi khosi lalikulu losauma, ndipo amawola akasungidwa.

Tizilombo ndi matenda

Mdani wamkulu kuyambira Ogasiti, kunja kukauma ndi kutentha, ndi tizilombo tating'ono kwambiri totchedwa tripes pa Chipwitikizi. Timabisala pakati pa masamba aang'ono pakhosi, n'kumayamwa madzi a mbewu. Masamba amachita timadontho totuwa kenako n'kuuma. Mlimi aziyang'ana mkati mwa khosi sabata iliyonse, chifukwa kuwona masamba atayera kale ndiye kuti wachedwa. Munda wothiriridwa bwino supweteka kwambiri ndi tizilomboti.

Chinyezi ndi mame zimabweretsa matenda a masamba, monga aja a mawanga ofiirira amene amawumitsa tsamba kuchokera pabala. Kuthirira m'mawa komanso kupewa kuthithikana kumachepetsa vutoli. Za mankhwala oyenera ndi mlingo wake, alimi afunse alangizi a zaulimi a ku ofesi ya SDAE ya boma lawo.

Kukolola ndi kusunga

Anyezi amakhwima pakatha miyezi inayi kapena isanu chiwokerere, nthawi zambiri mu Sepitembala ndi Okutobala. Chizindikiro chake n'chakuti khosi limafewa ndipo masamba amagwa okha. Masamba akayamba kugwa, kuthirira kulekeke, ndipo theka la munda likagwa anyezi azulidwe. Kuthyola makosi dala pofuna kufulumiza kumachepetsa zokolola.

Akazulidwa, ayanikidwe pamalo a mthunzi odutsa mphepo kwa sabata imodzi kapena ziwiri, mpaka khosi litauma ndipo makoko akuchita phokoso powagwira. Masamba adulidwe kusiya masentimita awiri kapena atatu. Anyezi wovulala, wa khosi lalikulu ndi amene anatulutsa maluwa apatulidwe kuti adyedwe kapena kugulitsidwa msanga. Wabwino asungidwe pathandala kapena m'matumba a maukonde, osati a pulasitiki otsekeka, ndiponso asagundane ndi simenti kapena dothi.

Red Creole amasungika nthawi yaitali kuposa Texas Grano, amene ali ndi madzi ambiri. Kusiyana kumeneku kumaonekera pa mtengo. Pa nthawi yokolola anyezi amadzaza m'misika ya Ulóngue ndi ya m'malire monga Lizulu, ndipo mtengo umatsika. M'miyezi ya mvula amasowa, mtengo n'kukwera. Mlimi amene anafesa pa nthawi yake ndi kuumitsa bwino mvula isanagwe ndiye amatha kudikira mtengo umenewo.