Tsiku Lopuma ku Al Barsha

Dera la Al Barsha, kumadzulo kwa mzinda wa Dubai, limene lero ladzala ndi mahotela ndi nyumba zosanjikizana, linali lamchenga ndi lokhalamo anthu owerengeka kufikira pamene msika waukulu wa Mall of the Emirates unatsegulidwa mu 2005, ndi kutsatidwa ndi sitima ya Metro mu 2009. Koma nkhani yakuti ntchito ilekezere pati, kuti munthu aone banja lake, ndi yakale koposa nyumba zonsezo.

Makolo a eni dzikolo anali osaka ngale m'nyanja, ndipo chaka chilichonse, kuyambira Juni kufikira Sepitembala, amuna ankagona ndi kudzuka m'chombo pansi pa ulamuliro wa nakhoda, mwini ulendo, amene ankawakongoza ndalama zosiyira mabanja awo, ngongole imene nthawi zina inkagwera ana bambo atatsikira kuli chete. Malondawo anagwa m'zaka za m'ma 1930, ngale zoweta za ku Japan zitasefukira m'misika; ndipo mafuta atapezeka mu 1966, alendo anayamba kukhamukira kumeneko kudzagulitsa thukuta lawo.

Kuyambira pamenepo lamulo ndilo lakhala likulemba malire. Masiku opuma, amene anali Lachinayi ndi Lachisanu, anasunthidwa mu 2006 kukhala Lachisanu ndi Loweruka, ndipo mu 2022 Loweruka ndi Lamlungu, antchito a boma naweruka masana pa Lachisanu kuti akapemphere. Lamulo la ntchito likunena maola 48 pa sabata, ochepetsedwa ndi awiri tsiku lililonse m'mwezi wa Ramadan, ndipo la 2017 linapatsa antchito a m'nyumba tsiku limodzi lopuma.

Komatu ife amene agogo athu anagona m'makomboni a Wenela ku Joni tidziwa kuti munthu wogona pakhomo pa bwana wake saweruka kwenikweni. Mayi wosamala ana a eni m'nyumba ya ku Al Barsha, kapena mnyamata wa m'hotela amene basi ya kampani imamtenga ndi kumbweza ku chipinda cha kampani yomweyo, amaopa kukana akaitanidwa usiku, pakuti kwa eni kulibe mkuwe. Chifukwa chake tsiku lopuma liyenera kulemekezedwa ndi olemba ntchito monga mangawa oyenera kubwezedwa, popeza ndi tsiku lokhalo limene mlendoyo amapembedza Mulungu wake, nacheza ndi anzake, nalankhula mosathamanga ndi ana amene anawasiya kwawo.